Supply, provide, equip, furnish: mafunso ndi mayankho pa mawu a Chingerezi okhudza kupereka ndi kukonzekeretsa

Amene analembapo kalata yofunsira tenda, kapena kumasulira chikalata cha bungwe kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, amalidziwa vutoli. Mawu anayi kapena asanu a Chingerezi amangothera pa liwu limodzi lathu, kupereka. Pobwerera ku Chingerezi munthu amaima njii, cholembera m'manja, osadziwa kuti atenge liti. Ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi ndi kumasulira zikalata kwa zaka zambiri, ndipo mafunso ali m'munsimu ndi amene ophunzira, amalonda ndi anzanga omasulira amandifunsa mobwerezabwereza. Chimene ndinapeza n'chakuti mawuwa sasokoneza ukadziwa kumene anabadwira. Ambiri a iwo anabadwira padoko la ngalawa, kumsasa wa asilikali ndi kukhitchini ya mfumu.

Kodi supply, provide, furnish ndi equip si liwu limodzi?

Ayi. Onse amanena za kuika chinthu m'manja mwa wina, koma lililonse limayang'ana mbali yakeyake ya nkhaniyo. Supply limayang'ana pamene paperewera, n'kudzazapo. Provide limayang'ana kutsogolo, pa chosowa chimene chikubwera. Equip limayang'ana ntchito imene munthu kapena chinthu chikukagwira, n'kumupatsa zida zake. Furnish limayang'ana malo amene ali mbee, n'kuikamo zoyenera kuti akhale athunthu.

Tiyerekeze sukulu yogonera komweko. Mayi amene amabweretsa matumba a nyemba teremu iliyonse akuchita supply. Makolo amene asunga ndalama ya fizi mwana asanayambe n'komwe folomu wani akuchita provide. Amene wagula mabotolo, sikelo ndi mankhwala oyesera m'chipinda cha sayansi wachita equip. Amene waika mabedi ndi matebulo m'hositelo wachita furnish. M'Chichewa tikhoza kunena kuti onsewa apereka, ndipo sitikulakwa, koma tilinso ndi mawu athu osiyanitsa: kudzaza, kusamalira, kukonzekeretsa, kuyala.

N'chifukwa chiyani Chingerezi chili ndi mawu ambiri chonchi pa chinthu chimodzi?

Chifukwa chinabwereka kwa aliyense amene anafika pachilumbacho. Angerezi akale anali ndi liwu lawo lapafupi, give. Kenako kunabwera anthu ochokera ku Denmark ndi Norway pa ngalawa zawo, n'kusiya mawu awo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu, kukhoti ndi m'maofesi olemba ziwerengero za chuma. Pamwamba pa izo panali Chilatini cha tchalitchi ndi cha anthu ophunzira. Choncho mlimi ankanena give, mlembi wa mfumu n'kulemba purvey, wansembe n'kulemba provide. Mpaka lero liwu lalifupi ndi la pakhomo, lalitali ndi la muofesi.

Supply linachokera kuti?

Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kudzera m'Chifalansa chakale, koma muzu wake ndi liwu la Chilatini supplere. Lili ndi zigawo ziwiri: sub, kutanthauza kuchokera pansi, ndi plere, kudzaza. Ganizirani mtsuko umene madzi ake atsika, wina n'kuthiramo mpaka kukamwa. Ndiye supply ameneyo. Abale ake ndi supplement, chowonjezera pa chimene chaperewera, complete, kudzaza mpaka kumaliza, komanso plenty ndi replenish, amene anachokera ku plenus, chodzaza.

Ukadziwa zimenezi, ntchito zina za liwuli zimene zimadabwitsa anthu zimamveka zokha. Ku Britain mphunzitsi wogwirizira, amene amabwera tsiku limene mwini kalasi wadwala, amatchedwa supply teacher. Sabweretsa katundu aliyense, amangodzaza malo amene atsala opanda munthu. M'nyumba ya malamulo ya ku Britain, supply ndi ndalama zimene aphungu amavomereza kuti boma ligwiritse ntchito, chifukwa kale mfumu inkapita kwa aphungu kukapempha kuti adzaze thumba lake, makamaka pa nthawi ya nkhondo. Mwambo umenewu tinautengera: aphungu a ku Malawi akamadutsa bajeti unduna ndi unduna, amakhala ngati Committee of Supply. Ndipo m'chaka cha 2017, Theresa May, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, atalephera kupeza aphungu okwanira, anagwirizana ndi chipani cha DUP cha ku Northern Ireland pa mgwirizano wotchedwa confidence and supply, kutanthauza kuti chipanicho chidzavotera boma pa nkhani ya kulikhulupirira ndi pa nkhani ya ndalama.

Mawu otchuka a supply and demand, amene aliyense wogulitsa tomato amawadziwa m'mafupa ngakhale sanawaphunzire, analembedwa ndi James Steuart wa ku Scotland m'chaka cha 1767, ndipo Alfred Marshall anawafalitsa kwambiri ndi buku lake la zachuma la 1890.

Nanga provide? Ndamva kuti likugwirizana ndi kuona.

Mwamva zoona, ndipo kwa ine ili ndilo liwu lokoma kuposa onse. Chilatini chake ndi providere: pro, kutsogolo, ndi videre, kuona. Videre yemweyu ndi amene ali mu video, vision ndi television. Choncho provide poyamba silinkatanthauza kupereka ayi. Linkatanthauza kuoneratu. Munthu waona kuti mu Januwale nkhokwe idzakhala itapepuka, ndiye mu Meyi sakugulitsa chimanga chonse. Kupereka kunabwera pambuyo, ngati chipatso cha kuona patali.

N'chifukwa chake provisions ndi kamba, chakudya chimene wakonzeratu ulendo usanayambe: mbatata yootcha, mtedza wokazinga, chigumu chokulunga m'nsalu. Ndikamaphunzitsa liwuli ndimakumbukira mayi anga usiku woti mawa lake ndipita kusukulu yogonera. Ankakhala pamphasa nyali ili pambali, akuthira shuga m'botolo, kukazinga chimanga, kukulunga sopo m'pepala, ndipo ankawerenga masabata a teremu ndi zala kuti aone ngati zikwanire. Ine ndinkaona katundu, iwo ankaona sabata lachisanu ndi chitatu, pamene mwana adzakhale ndi njala kutali ndi kwawo. Liwu la provide silifuna tanthauzo lina kuposa limenelo.

Banja la liwuli ndi lalikulu. Prudent, munthu wochenjera ndi wosamala, ndi providens yemweyo atafupikitsidwa. Improvise ndi kuchita chinthu chimene sunachionere patali, kungopanga pompopompo. Provision m'malamulo ndi ndime imene olemba anaikiratu poganizira zimene zingadzachitike, ndipo mukaona provided that m'kontrakiti, dziwani kuti akunena kuti pokhapokha ngati. Werengani mosamala chimene chikutsatira mawu amenewo, chifukwa msampha umakhala pomwepo.

Providence ndi chisamaliro cha Mulungu, amene amaoneratu zosowa za anthu ake. M'busa wina, Roger Williams, atathamangitsidwa ku Massachusetts anakhazikitsa mudzi m'chaka cha 1636 n'kuutcha Providence, umene lero ndi likulu la Rhode Island ku America. John Chilembwe atabwerako ku America anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1900. Ambiri timangoti PIM osalingalira kuti P ameneyo akunena chiyani. Ngakhale m'nkhani ya Abrahamu ndi Isake, pa Genesis 22, pamene Chingerezi chimati Mulungu adza-provide mwana wa nkhosa, liwu la Chiheberi limene lili mu dzina la Yehova Yire limachokeranso ku kuona. Zilankhulo ziwiri zosiyana zinafika pa ganizo limodzi.

Ndinaona mawu akuti purveyor pa paketi ya tiyi. Ndi chiyani?

Ndi wogulitsa kapena wopereka katundu, makamaka zakudya, ndipo masiku ano liwuli limamveka lapamwamba, la sitolo zimene zimagulitsa kunyumba yachifumu. Purvey ndi provide ndi mapasa: onse anachokera ku providere, koma purvey anadzera m'kamwa mwa Afalansa a ku Normandy n'kuphwanyika panjira, pamene provide anatengedwa mwachindunji m'mabuku a Chilatini.

Koma mbiri ya liwuli ndi yowawa. Kale mfumu ya England inkayendayenda ndi gulu la anthu mazanamazana, ndipo inali ndi ufulu wotchedwa purveyance: kutenga chakudya, nkhuni, akavalo ndi ngolo za anthu pa mtengo umene antchito ake anena okha. Antchito amenewo ndiwo anali ma purveyor. Ankafika pamudzi, kutenga tirigu ndi nkhumba, kusiya kamtengo kolembapo ngongole, ndipo nthawi zambiri ndalamayo sinkabwera. Chikalata cha Magna Carta cha 1215 chili ndi ndime zoletsa antchito a mfumu kutenga tirigu wa munthu osalipira, kapena akavalo, ngolo ndi mitengo yake iye asanalole. Zinthu sizinasinthe kwenikweni. Pofika 1362 dzinali linali litanunkha kwambiri moti lamulo linanena kuti lisinthidwe, anthuwo azitchedwa ogula basi. Ufulu wa mfumuwo unathetsedwa m'chaka cha 1660.

Ife a Chichewa nkhani yotere sitiyenera kuifotokozeredwa kawiri. Thangata linali liwu labwino, kuthandizana kumunda, mpaka eni maesiteti a ku Shire Highlands analisandutsa dzina la ntchito yokakamiza. Liwu limatenga fungo la amene akuligwiritsa ntchito.

Ndiye cater linachokera kwa ogula amenewo?

Inde, n'zolumikizana. Liwu la wogula m'Chifalansa cha nthawiyo linali achatour, m'bale wa acheter, kugula, wa m'Chifalansa cha lero. Angerezi anadula a woyambayo n'kutsala ndi catour, wantchito wa panyumba yaikulu amene ankapita kumsika kukagula zakudya. Kuchoka pamenepo kunabwera cater ndi caterer. Choncho amayi a catering amene amaphika paukwati dzina lawo linayambira pa kugula, osati pa kuphika, ndipo amene anagwirapo ntchitoyi angakuuzeni kuti phindu kapena kuluza zimaonekera kumsika moto usanayatsidwe. Caterpillar, mbozi, si m'bale wake ngakhale pang'ono. Limenelo linachokera ku mawu a Chifalansa chakale otanthauza mphaka waubweya.

Kodi equip linachokera ku liwu la Chilatini la kavalo?

Funsoli limabwera kawirikawiri kuchokera kwa amene anaphunzirako Chilatini kuseminale. Iwo amadziwa kuti equus ndi kavalo, ndiye amaganiza kuti equip ndi kumanga chishalo pa kavalo. Ena amalilumikiza ndi equal. Onsewa asochera ndi maonekedwe a zilembo. Equip ndi liwu la panyanja.

Angerezi analitenga m'zaka za m'ma 1500 ku Chifalansa équiper, limene kale linkalembedwa esquiper ndipo linkatanthauza kukonza ngalawa kuti inyamuke. Akatswiri ambiri a mawu amalilondola mpaka ku skipa, liwu la anthu a ku Scandinavia lotanthauza kuika anthu ndi zinthu m'malo mwake m'ngalawa, kuchokera ku skip, ngalawa, limene ndi m'bale wa ship. Anthu amenewa anakhazikika kumpoto kwa France, kumene mtsogoleri wawo Rollo anapatsidwa dziko m'chaka cha 911, ndipo dzina la Normandy limatanthauza dziko la anthu a kumpoto.

Taganizirani asodzi a usipa madzulo asanalowe m'nyanja. Amayang'ana ukonde ngati sunang'ambike, nyali ngati zikuyaka, mafuta a injini, nkhafi, zingwe, chotungira madzi olowa m'bwato, ndiponso ngati anthu akwana. Ukafika pakati pa nyanja palibe sitolo. Chilichonse chimene chaiwalika pagombe chaiwalika basi. Ndiwo mtima wa equip: kukonzekeretsa mokwanira pa ntchito inayake, isanayambe. N'chifukwa chake liwuli limagwiranso pa maphunziro. Kuchita equip achinyamata ndi luso la ukalipentala ndi kuwakweza m'bwato muli zonse.

M'Chifalansa tanthauzo la anthu a m'ngalawa linakula mpaka équipe inakhala timu, ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Angónia akamanena equipa m'Chipwitikizi, akunena timu ya mpira ndi liwu lomweli.

Bwanji aphunzitsi amadula s ndikalemba equipments?

Chifukwa m'Chingerezi equipment amaitenga ngati madzi kapena ufa, chinthu chosawerengeka chimodzichimodzi. Ife timati chipangizo, zipangizo, ndiye dzanja limafuna kuika s. Ngati mukufuna kuwerenga, nenani a piece of equipment, kapena tchulani zinthuzo mayina. Chimodzimodzi furniture, luggage, machinery ndi stationery. Koma supply amalola: supplies ndi katundu wosiyanasiyana wofunika pa ntchito, monga mankhwala, mabandeji ndi magolovesi a kuchipatala.

Furnish ndi furniture zikukhudzana bwanji ndi kupereka?

Furnish linachokera ku fornir kapena furnir wa Chifalansa chakale, kutanthauza kumaliza, kukwaniritsa, kupereka zonse zofunika. Afalansa nawonso analitenga kwa mitundu yolankhula zilankhulo za Chijeremani. Furniture poyamba sinali mipando. Inali ntchito yopereka zofunika, kapena zofunikazo, kaya zida za msilikali, kaya zomangira pa kavalo. Tanthauzo la mipando ndi matebulo linayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, n'kumeza matanthauzo enawo pang'onopang'ono.

Apa Chingerezi chinayenda chokha. Zilankhulo zambiri za ku Ulaya zimatcha mipando ndi liwu lotanthauza zosunthika: meubles m'Chifalansa, Möbel m'Chijeremani, móveis m'Chipwitikizi, muebles m'Chisipanishi. Iwo anaona kuti ndi katundu amene ungasamuke naye, Angerezi anaona kuti ndi zimene zimakwaniritsa nyumba.

Tanthauzo lakale silinafe. Baibulo la King James la 1611 pa Marko 14:15 limanena za chipinda chapamwamba chimene chinali furnished, ndipo pa 2 Timoteo 3:17 limagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za munthu wa Mulungu wokonzeka kuchita ntchito iliyonse yabwino. Ndipo kalata ya kubanki kapena kukhoti ikanena kuti furnish us with the documents, sakupempha mipando, akuti tipatseni mapepala onse ofunika. Ine ndimalangiza ophunzira kuti alidziwe liwuli powerenga koma asalithamangire polemba. Send kapena give amagwira ntchito yomweyo popanda kudzikuza.

Sitolo, sitoko ndi golosale ndi mawu athu tsopano. Kwawo ankatanthauza chiyani?

Sitolo ndi store, kuchokera ku estorer wa Chifalansa chakale, kumanga, kudzaza, kukonzanso, amene muzu wake ndi instaurare wa Chilatini. Poyamba store anali katundu wosungidwa, kenako malo osungira, ndipo Amereka ndiwo anazolowera kutcha malo ogulitsira store, pamene Angerezi amakonda shop. Restore ndi m'bale wake, komanso restaurant, dzina limene ku Paris m'zaka za m'ma 1700 linkanena msuzi wobwezera mphamvu lisanakhale dzina la malo odyera.

Golosale ndi grocery, ndipo liwuli linatembenuka mutu pansi. Grocer woyamba anali wogulitsa mopikulitsa, wa katundu wambiri nthawi imodzi, kuchokera ku gros, chachikulu. Amalonda a tsabola ndi zonunkhiritsa za kutali a mu London anapanga gulu lawo m'chaka cha 1345, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1370 ankatchedwa grocers. Gross imodzi pa malonda ndi madazeni 12, zinthu 144. Lero golosale ndi kanyumba ka pawindo kogulitsa shuga wa m'timapepala ndi machesi limodzilimodzi.

Stock ndi liwu la Chingerezi chenicheni chakale, stocc, kutanthauza thunthu la mtengo kapena chipika. Kuchokera pa thunthu, pamene nthambi zimaphukira, kunabwera tanthauzo la chuma choyambira, katundu amene malonda amaphukirapo, ndi livestock, ziweto, chuma chamoyo. Pali nkhani ina imene ndimakonda kuifotokoza. Kwa zaka mazana ambiri ofesi ya chuma cha boma la England inkalemba ngongole pa timitengo. Ankasema mizere yosonyeza kuchuluka kwa ndalama, n'kung'amba kamtengoko pakati m'litali mwake, kuti mbali ziwirizo zidzagwirizane pa tsiku lowerengera. Mbali yaitali, imene inkapita kwa wopereka ndalama, inkatchedwa stock. Njirayi itasiyidwa, timitengo tambirimbiri tinangounjikana, ndipo pa 16 Okutobala 1834 antchito anatitentha m'ng'anjo za pansi pa nyumba ya malamulo. Moto unapitirira, ndipo usiku umenewo nyumba yakale ya malamulo ya ku Westminster inapsa pafupifupi yonse. Nyumba imene timaiona pazithunzi lero, ya wotchi yaikulu ija, inamangidwa pambuyo pa motowo.

Victuals amatchulidwa bwanji?

Vitolz, ngati kuti c ndi u palibe. Ndi chakudya, makamaka cha paulendo kapena cha gulu. Angerezi analilandira ku Chifalansa ngati vitaille ndipo ankalilemba monga ankalitchulira. M'zaka za m'ma 1500 anthu ophunzira anabwezeramo zilembo za Chilatini victualia, kuchokera ku vivere, kukhala ndi moyo, koma pakamwa pa anthu sipanasinthe. Anachitanso chimodzimodzi ndi b wa mu debt ndi doubt. Asilikali a panyanja a Britain anali ndi Victualling Board kuyambira 1683 mpaka 1832, imene ntchito yake inali kudzaza zombo ndi nyama yamchere, mabisiketi ouma ndi mowa.

Zikuoneka kuti mawu ambiri ndi a nkhondo. N'zoona?

N'zoona, chifukwa gulu la asilikali ndi mudzi woyenda umene sulima. Tsiku lililonse pamafunika wina woganizira chakudya, nsapato ndi onga.

Ammunition anabadwa mwa kumva molakwa. Chifalansa chinali ndi la munition, katundu wa nkhondo, kuchokera ku munire wa Chilatini, kumanga linga. Asilikali ankamva ngati l'amunition, ndipo a wa kutsogoloyo anamatirira. Angerezi anatenga onse awiri, munitions ndi ammunition. Zoterezi zimachitika m'zilankhulo zonse. Ifenso liwu lachilendo la nyumba ya odwala tinalimva ngati likuyamba ndi chi, n'kupanga chipatala ndi zipatala.

Magazine ndi liwu la Chiarabu, makhazin, nkhokwe zosungiramo katundu. Linadzera kwa amalonda a ku Italy ndi France, ndipo m'Chingerezi linayamba ngati nyumba yosungiramo onga ndi zida. N'chifukwa chake kabokosi ka zipolopolo pa mfuti kamatchedwa magazine. M'chaka cha 1731 Edward Cave wa ku London anayambitsa The Gentleman's Magazine, poganiza kuti ikhale nkhokwe ya nkhani zosiyanasiyana, ndipo magazini onse amene timawerenga anatengera dzina pamenepo. Armazém wa Chipwitikizi, nyumba yosungiramo katundu, ndi liwu la Chiarabu lomwelo.

Arsenal nalonso ndi la Chiarabu, dar as-sina'a, nyumba yopangiramo zinthu. Mzinda wa Venice unatcha malo ake opangira zombo Arsenale, ndipo dzinalo linafalikira ku malo onse opangira ndi kusungira zida. Timu imene anyamata amakanganirana m'mashowu a mpira Loweruka lililonse inayambitsidwa m'chaka cha 1886 ndi antchito a pafakitale ya zida ya Royal Arsenal ku Woolwich. Mzinga uli pa chizindikiro chawo ndi dzina loti Gunners zinachokera kumeneko.

Logistics, limene lalembedwa pa malole ambiri a pamsewu wa M1, linafalitsidwa ndi Antoine-Henri Jomini, msilikali wa ku Switzerland amene anatumikira pansi pa Napoleon. M'zolemba zake za m'ma 1830 analilumikiza ndi logis, malo ogona, chifukwa inali ntchito ya mkulu wopezera asilikali pogona ndi njira yodzera. Ration, phoso la msilikali kapena wantchito, ndi ratio wa Chilatini, kuwerengera.

Nanga kit, gear, rig ndi outfit?

Awa ndi afupiafupi, a anthu ogwira ntchito ndi manja. Kit anali chidebe chamatabwa m'Chidatchi chakale, kenako zimene msilikali amanyamula, lero mpaka yunifomu ya timu. Gear, amene ife timati giya pa galimoto, anachokera ku Scandinavia ndipo ankatanthauza zovala ndi zida. Rig ndi kumanga zingwe ndi matanga pa ngalawa. Rigging imene timaimva pa nthawi ya chisankho, kubera mavoti, imalembedwa chimodzimodzi koma ambiri amaitenga ngati liwu lina, lotanthauza chinyengo. Outfit anayamba ngati kukonzekeretsa ulendo, kenako anakhala zovala za tsiku limenelo.

Pa tenda pamalembedwa procurement, supply and delivery. Kusiyana kwake n'kotani?

Apa ndiye pamene kudziwa mawu kumasanduka ndalama. Procurement ndi ntchito ya wogula. Liwuli linachokera ku procurare, kusamalira zinthu m'malo mwa wina, ndipo proxy, woimirira mnzake, ndi m'bale wake. Wogula zinthu za boma akugwira ndalama zimene si zake, ndipo dzina la ntchito yake limanena zimenezo poyera. Ku Malawi bungwe loyang'anira zimenezi ndi PPDA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Tender, tenda yathu ija, ndi tendere, kutambasula dzanja, kupereka mtengo wako kuti auone. Ndi liwu losiyana ndi tender wotanthauza chofewa.

Deliver ndi lodabwitsa. Muzu wake ndi liberare, kumasula. M'pemphero la Ambuye, pamene ife timati mutipulumutse kwa woipayo, Chingerezi chimati deliver us. Mzamba akathandiza mayi kuchira, amatinso deliver. Katundu naye amamasulidwa m'manja mwako n'kulowa m'manja mwa mwini wake, ndipo mpaka zimenezo zitachitika, udindo ndi wako.

Mlamu wanga wina anaphunzira zimenezi mowawa. Anapambana tenda ya nyemba pasukulu ina yogonera, ndipo powerengera mtengo anaika nyemba, matumba ndi phindu lake. Pepalalo linali litalembedwa supply and delivery, iye n'kumaganiza kuti ndi mawu awiri onena chinthu chimodzi, monga alembi amakondera. Tsiku lonyamula litafika anaimbira kusukuluko kufunsa za galimoto. Anamuuza kuti awerengenso mutu wa pepala lake. Anachita hayala lole ndi ndalama za m'thumba, msewu unali wamatope, ndipo anyamata otsitsa matumba pageti anafunanso yawo. Ndinamupeza madzulo atakhala pakhonde, delivery note yosainidwa ili pamwendo, akuwerengera pa foni mobwerezabwereza. Phindu lonse linali litathera pa liwu lachiwirilo. Mukaona supply, delivery and installation, dziwani kuti kumanga ndi kulumikiza chipangizocho mpaka chiyambe kugwira ntchito kulinso pamutu panu.

Polemba kalata, timawu totsatira mawuwa timayenda bwanji?

Munthu wolandira akabwera poyamba, pamafunika with: supply the school with beans, provide the clinic with water, equip the team with boots, furnish the office with desks. Chinthu chikabwera poyamba, supply amatenga to, supply beans to the school, pamene provide amakonda for, provide water for the clinic, ngakhale to amamvekanso. Equip salola kutembenuza kotere: simunganene equip boots to the team. Ndipo provide for payekha, popanda kutchula chinthu, ndi kusamalira: he provides for his late brother's children, akulera ana a malemu mchimwene wake, kuwadyetsa, kuwaveka ndi kuwalipirira sukulu.